Lole ya Kampani pa Maliro a Kwathu

Lole imene ndikunena pano ndinaigula ndi kabichi. Ndalima kabichi ndi mbatata ya kachewere m'madimba a ku Biriwiri kuyambira ndili mnyamata, ndipo nditatopa ndi kunyengerera eni magalimoto pamsewu, ndinagula yanga. Ndi yakale, yobiriwira, koma chitseko chimodzi n'chofiira chifukwa chinachokera ku lole ina. Woyendetsa wake ndi mwana wa mlongo wanga, bambo wa imvi zake, amene wakhala nayo chiigulireni. Ine kuyendetsa sindinaphunzire. Ngakhale kuwerenga ndinakudziwa mochedwa, ku sukulu ya kwacha, ana anga atakwatiwa kale. N'chifukwa chake pepala lililonse loti ndisayine ndimaliwerenga lonse, pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ngakhale ondidikira atope.

Kwathu kuno ukakhala ndi lole sukhala nayo wekha. Munthu akamwalirira ku chipatala cha pa boma, abale ake amayamba aganiza za bokosi, kenako za galimoto. Ankabwera pakhomo panga m'mawa n'kukhala pansi pa mtengo wa pichesi, osaodira mokweza. Ukangoona mmene akhalira, umadziwa. Za mafuta sindinkawafunsa. Ndinkangoitana mwana wa mlongo wanga, iye n'kusesa makoko a kabichi kumbuyo, kutsukamo, kuyala mphasa, n'kumangirira nthambi zaziwisi kutsogolo ndi m'mbali kuti a pamsewu adziwe chimene tanyamula. Amayi ankakhala mozungulira bokosi akuimba, abambo chakumapeto atagwira zitsulo, ine kutsogolo chipewa chili pamaondo.

Anthu amati ndine wachifundo. Sindiwatsutsa, komanso sindivomera. Munthu amene mtima wake uli m'malo sathamangira maliro a anthu osawadziwa monga ndimachitira ine. Chimene chimandithamangitsa ndi changa, n'chakale, ndipo sindichilemba muno. Chokhacho choti mudziwe n'chakuti ulendo wa maliro sindinkaukana, ndipo sindinkaganiza kuti ndingaukane n'kukhalabe ndi mtendere.

Nkhani ya kampani inabwera ndi mwana wanga wamkazi wachiwiri, amene ali ndi golosale yake pafupi ndi msewu waukulu. Anamva kuti sukulu ina yogonera komweko ikufuna woiperekera ndiwo zamasamba ndi kachewere teremu yonse. Koma a sukuluwo sankafuna munthu wongobwera ndi lole. Ankafuna kampani yolembetsedwa, yokhala ndi nambala yake ya msonkho, akaunti yake ku banki, ndi satifiketi yosonyeza kuti ilibe mlandu ku ofesi ya misonkho. Mwana wanga anaikamo ndalama zake za m'golosale, ine ndinaikamo lole, ndipo tinakhala eni ake awiri, theka iye theka ine. Mapepala ake ndinawawerenga kawiri. Panalembedwa poyera kuti lole tsopano ndi ya kampani. Ndinawerenga, ndinamva, ndinasayina. Koma popeza inkagonabe pabwalo panga, pansi pa zenera langa, mumtima sindinaone chosintha.

Chaka choyamba chinayenda bwino. Sukulu inkalipira mochedwa koma inkalipira. Ine ndinayamba kulandira malipiro a pamwezi kuchokera ku kampani yanga yomwe, ndipo ankadulako msonkho ndisanawagwire, chinthu chimene chinandiseketsa poyamba. Maliro nawo anapitirira monga kale. Mafuta tinkathira ndi ndalama ya kampani, lisiti n'kuponya m'chidebe chimodzi ndi malisiti ena onse.

Chaka cha kampani chitatha, mwana wanga anati nthawi yakwana yoti tikafotokoze ku ofesi ya misonkho zimene tapeza ndi zimene tawononga. Anali ndi mnzake amene anaphunzira naye sukulu, mayi wodziwa za mabuku a ndalama, amene amagwira ntchito ku tauni koma Loweruka amabwera kwa makolo ake ku Sharpevale. Makolo akewo ndi Asilamu, ali ndi sitolo ya nsalu ndi ziwiya m'mbali mwa msewu. Tinatsikira kumeneko atatu, ine, mwana wanga ndi woyendetsa, chidebe cha malisiti chili pamiyendo panga. Ndinanyamuka nditavala jekete chifukwa kwathu kunali chifunga, ndipo pofika kuchigwa thukuta linali kamukamu. Mayiyo anandilandira ndi funso loti kodi ku Biriwiri tinamva kuti dzuwa linatuluka.

Anatikhazika m'chipinda cha kuseri kwa sitolo, pakati pa mitolo ya zitenje ndi mabeseni. Anayamba watifotokozera zimene kampani imayenera kuchita, ndipo anafotokoza bwino, mosathamanga. Anati kampani ndi munthu payokha, wosiyana ndi eni ake. Chaka chilichonse imayenera kupereka chikalata chonena zonse zimene yapeza ndi kuwononga, pasanathe miyezi ngati isanu ndi umodzi chaka chake chitatha, ndipo chikalatacho chimaperekedwa ngakhale chaka chimene siinapindule kanthu. M'kati mwa chaka imalipiriratu msonkho pang'onopang'ono pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo wa pa malipiro athu umapita mwezi ndi mwezi. Msonkho waukuluwo amauwerengera pa phindu, ndiye kuti pa zimene zatsala ukachotsa zimene kampani yawononga pofunafuna ndalama zake. Anabwereza mawu omalizawo, koma ine sindinaone chifukwa chake nthawi imeneyo.

Kenako anakhuthula chidebe patebulo n'kuyamba kusanja. A matayala uku, a mbewu uku, a mafuta pamulu pawokha. Atafananitsa mulu wa mafutawo ndi masiku amene tinagulitsa katundu, anatsala ndi kamulu kena m'manja. Anafunsa kuti masiku amenewo lole inkapita kuti, popeza panalibe chimene inagulitsa. Woyendetsa anayankha kuti amenewo ndi a maliro. Mayiyo anafunsa ngati omwalirawo anali antchito a kampani, ife tinati ayi, anali anthu a m'midzi.

"Ndiye kampani inkapitako kukatani, bambo?" anandifunsa.

Ndinamuuza kuti inkapita kukaika maliro, monga amachitira munthu aliyense. Iye anati ine ndi amene ndinkapita kukaika maliro, kampani inkangondipatsa galimoto ndi mafuta. Anati mafuta amenewo sangalowe pa zowononga za kampani kuti achepetse msonkho, chifukwa sanathiridwe pofunafuna ndalama. Ayenera kulembedwa kuti anatenga ndi mwini wake pa zake, ndipo mwini wakeyo abweze. Sanakweze mawu, ndipo sanandichititse manyazi. Anangoika kamuluko pambali n'kukatsindira ndi kapu.

Mwana wa mlongo wanga ndi munthu wa njira zambiri. Anaweramira patebulo n'kunena kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. Tingolemba kuti masiku amenewo tinanyamula kabichi kupita naye ku Kasinje kapena ku boma, ndiye sanagulidwe, anaola.

"Kabichi amaola, malume," anatero. "Ndani sadziwa? Akabwera a msonkho adzanunkhiza kuti?"

Ndinatenga kamulu kaja n'kuyamba kuyang'ana masiku ake. Ena ndinawakumbukira. Limodzi linali la mayi wina wokalamba amene ankandigulitsa mbande za kabichi ndikuyamba kumene ulimi. Lina linali la mwana amene bokosi lake bambo ake analinyamula okha m'manja pokweza. Chikalata chimenecho chinali choti ndikasayine ine, pansi pa mawu onena kuti zonse zolembedwazo n'zoona. Ndinavutikira kuphunzira kulemba dzina langa ndili wamkulu, ndikukhala pabenchi ndi amayi oyamwitsa, ndipo sindinaliphunzirire zimenezo.

"Mayi uja sanali kabichi," ndinamuuza. "Sindisayina."

Mayi wa mabukuyo anati ngakhale ndikanavomera, iye sakanalemba. Mwana wa mlongo wanga anakweza mapewa n'kupita panja kukaona ngati matayala ali bwino.

Ndinkaganiza kuti ndapambana, koma pobwerera, tikukwera chitunda, mwana wanga anayamba kulankhula. Anati ngati zili choncho, maliro atha. Anati iye wakhala chete chaka chonse chifukwa cha ulemu, koma theka la mafuta amenewo linali lake, ndipo palibe tsiku limene ndinamufunsapo. Anandikumbutsa za tsiku lina limene ndiwo za ku sukulu zinafika madzulo chifukwa lole inali ku manda, ana n'kudya nyemba zokhazokha, iye n'kukapepesa yekha kwa woyang'anira chakudya. Anati matayala amathera m'misewu ya kumidzi imene kabichi sapitako. Anati chikalatacho chikakhala ndi vuto satifiketi situluka, ndipo popanda satifiketi sukulu itisiya. Ndinamuyankha kuti lole ndi yanga, ndinaigula iye asanadziwe n'komwe mtengo wa mchere.

"Munasayina nokha, ababa," anatero. "Ndipo munawerenga kawiri, ine ndikuona."

Titafika anatenga makiyi kwa woyendetsa n'kupita nawo ku golosale. Kuyambira tsiku limenelo lole inkagonabe pabwalo panga, koma makiyi ankagona kwa iye.

Masabata otsatirawo sitinkalankhulana kwenikweni. Moni tinkapatsana, za ntchito tinkauzana kudzera mwa woyendetsa. M'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko ndinkayamba ndayang'ana pansi pa mtengo wa pichesi, ndikuopa kupezapo anthu. Sindinkadziwa chimene ndidzawauze. Kuti lole yawonongeka? Ikuoneka ili bwinobwino pabwalo, dzulo lake yadutsa ndi matumba? Kuti mwana wanga wakana? Mwamuna wamkulu sanena zimenezo za mwana wake pamaso pa anamfedwa.

Loweruka lina ndinatsikira ndekha ku Sharpevale, pa minibasi ndi pa kabaza, osauza munthu. Ndinkafuna kufunsa mayi wa mabuku uja ngati lole ingatuluke m'kampani, kapena kampaniyo ingotsekedwa tibwerere pakale. Anandiuza kuti zonsezo n'zotheka koma si za tsiku limodzi. Kutulutsa lole n'chimodzimodzi kuigula kwa kampani, ndipo mwini mnzanga ayenera kuvomera. Kutseka nakonso kuli ndi mapepala ake, ndipo chikalata cha chaka chathachi chiyenera kuperekedwabe. Anandifunsanso ngati ndikufunadi kuti mwana wanga ataye sukulu ija.

Bambo ake a mayiyo, mwini sitolo, anali atakhala pampando pakhomo la chipindacho akupinda nsalu. Ndi wamkulu wa msinkhu wanga, wa ndevu zoyera ndi kofia kumutu, ndipo makutu ake ndi akuthwa. Analowerera osapemphedwa. Anati nkhani yangayo akuidziwa, chifukwa iwonso sitolo yawo ndi kampani ya iwo ndi ana awo aamuna, ndipo kagalimoto kawo kamanyamula maliro kuposa lole yanga, popeza kwawo munthu akamwalira sachedwa kuikidwa, palibe nthawi yofunafuna galimoto. Ndinawafunsa kuti nanga amalemba chiyani. Anati amalemba kuti galimoto yabwerekedwa ndi iwo, n'kulipira m'thumba mwawo monga kasitomala wina aliyense. Ndinaseka, n'kunena kuti ndiye kuti amadzilipira okha.

"Ayi, achimwene, ndimalipira ana anga ndi boma mbali yawo," anatero. "Ukapereka za m'thumba la mnzako, wapereka ndi mnzakoyo. Iwe wangonyamula."

Atatero anandifunsa ngati kunyumba sikukufunika ndowa, popeza ndabwera kale mtunda wonsewo. Ndinagula ndowa.

Mawu awowo anandikhala pamtima njira yonse. Chaka chonsecho ndinkakhala kutsogolo kwa lole, anthu n'kumandithokoza pamanda, ine n'kumamva kupepukidwa pang'ono, osadziwa kuti theka la zimene ankandithokozerazo linali la mwana wanga, ndipo kambali kena ndinkafuna kukachotsa pa msonkho. Sizinandikwiyitse. Zinandichititsa manyazi pang'ono, kenako zinandimasula, chifukwa ndinaona njira. Koma sindinapite kwa mwana wanga tsiku lomwelo. Ukalamba uli ndi kunyada kwake.

Anthu anabwera pansi pa mtengo wa pichesi ndisanalankhule naye. Anali abambo awiri a kuchigwa, a mbali ya ku Kasinje, olima mpunga wothirira. Sindinkawadziwa. Wamng'onoyo mkazi wake anamwalirira ku chipatala cha pa boma, ndipo anamva za lole yanga kwa anthu a mpingo wawo amene ndinawanyamulirapo maliro. Bokosi anali atapeza, koma galimoto zimene anafunsa pa boma zinatchula mtengo umene sakanaukwanitsa ngakhale atagulitsa mpunga wosakolola. Wamkuluyo ndiye ankalankhula. Wamng'onoyo ankangoyang'ana lole.

Ndinawauza kuti adikire. Ndinavala jekete, ndinatenga malipiro anga a mwezi umenewo amene ndinali ndisanawagwiritse ntchito, n'kutsetsereka kupita ku golosale. Mwana wanga anali akuyeza shuga. Atandiona anadziwa, chifukwa uthenga wa anthu okhala pansi pa mtengo umathamanga kuposa nkhalamba. Anayamba kunena kuti tinagwirizana kale, koma ndinamudula.

"Sindinabwere ngati bambo ako," ndinatero. "Ndabwera kudzachita hayala lole ya kampani. Kupita pa boma, kutsikira ku Kasinje, n'kubwerera. Mutchule mtengo, abwana."

Anandiyang'ana, sikelo ili m'manja. Kenako anapukuta manja, anatenga buku la malisiti a kampani, n'kutchula mtengo umene timatchulira ogula kabichi a kutali. Ndinamuuza kuti wakwera kwambiri, ndine kasitomala wodzabweranso. Anati kasitomala wodzabweranso ndi amene amatha matayala. Ndinati pobwerera lole idzakhala yopanda katundu, siimwa mafuta ambiri. Anati chitunda cha ku Kasinje sichifunsa ngati uli ndi katundu. Mayi wina amene anabwera kudzagula sopo anaima pakhomo akutimvetsera, osamvetsa ngati tikukangana kapena tikuseka. Ifenso sitinkadziwa bwinobwino. Tinagwirizana pa mafuta onse, chakudya cha woyendetsa, ndi kena kake ka matayala. Ndinalipira, iye analemba lisiti m'dzina langa n'kundipatsa limodzi ndi makiyi.

Ndikutuluka anandiitana. Anatsitsa chitenje chatsopano pa shelefu n'kundipatsa kuti akafunditse bokosi. Anati chimenecho n'cha golosale yake, si cha kampani, ndisachiike m'chidebe.

Mwana wa mlongo wanga atamva kuti ndalipira anaseka mpaka kutsamira chitseko chofiira chija. Anati ndiye lero wanyamula kasitomala, ndipo kasitomala saloledwa kumuuza dalaivala kuti achepetse liwiro. Tinakatenga thupi pa boma, amayi a mpingo wawo anakwera, n'kuyamba kutsika. Msewu umenewo uli ndi makona ambiri, ndipo nyimbo inkaduka pa kona iliyonse amayi akamagwirana, n'kuyambiranso. Titafika m'minda ya mpunga mwamuna wamasiyeyo anagogoda pagalasi la kumbuyo kutilozera njira ya kwawo. Pamanda wolankhula m'malo mwa banja anathokoza mwini galimoto. Sindinaime kuti ndiwakonze. Koma kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho ndinkadziwa kuti ulendowo ndapereka ndine, wonse.

Chikalata cha pachaka tinachimaliza nthawi yake isanathe. Mafuta a maliro a chaka chathacho analembedwa kuti ndinatenga ine, ndipo tinagwirizana kuti azidulidwa pang'onopang'ono pa malipiro anga. Phindu la kampani linaoneka lokulirapo, msonkho nawo unakwererako, ndipo mwana wa mlongo wanga ananena kuti ndife anthu oyamba m'boma lonse la Ntcheu kudziwonjezera msonkho ndi manja athu. Mayi wa mabuku anasindikiza mapepala onse kuti ndiwerenge ndisanasayine. Ndinawerenga tsamba lililonse m'chipinda chotentha chija, iye akudikira, bambo ake akudutsadutsa ndi nsalu n'kumafunsa ngati ndafika pa tsamba lachiwiri. Nditasayina, mwana wanga anasayina, ndipo mayiyo anatumiza pa kompyuta. Satifiketi inatuluka, a sukulu anationjezera chaka china.

Mayi yemweyo ndi amene anatilangiza kuti nkhani ya maliro tisaisiye pakamwa. Anati eni kampani akagwirizana chinthu amachilemba, ngakhale ali awiri, ngakhale ali bambo ndi mwana wake. Tinakhala pansi kuseri kwa golosale n'kuchita msonkhano wa eni kampani, ine pa kreti ya zakumwa, iye pa thumba la mchere. Tinalemba kuti lole ikhoza kuchitidwa hayala pa maliro ndi munthu aliyense, pa mtengo wa mafuta ndi kena ka matayala, popanda kampani kufunapo phindu lalikulu. Mwana wanga anaumirira kuti tiwonjezere mawu akuti tsiku lopereka ndiwo ku sukulu lole siipita kwina. Ndinalimbana nawo mawu amenewo, koma analowa, ndipo ndinasayina nditawawerenga.

Malipiro a nkhalamba ali ndi pothera, makamaka akamadulidwa. Mwezi wina wa mvula maliro anachuluka, ndipo anthu atabwera pansi pa mtengo ndinalibe zokwanira. Ndinakhala nawo pansi n'kuwauza zoona, kuti lole ilipo, woyendetsa alipo, koma ndi ya kampani ndipo ili ndi mtengo wake, ine ndingathe kulipira mbali chabe. Mawuwo anandilemera potuluka. Iwo sanadabwe monga ndinkaopera. Anapita, anasonkherana ndi a mpingo wawo, anabwera ndi yotsalayo, lole inanyamuka. Pambuyo pake ndinamva kuti ena m'mudzi ankati ndayamba kugulitsa maliro. Ena ankati mwana wanga wandilanda chuma ndili moyo. Amene anakwera lole ija akudziwa zimene analipira ndi zimene sanalipire.

Tsiku lina maliro anagwa pa tsiku lopereka ndiwo ku sukulu. Anali a bambo wina amene tinkalima madimba oyandikana. Lole inali itapakiridwa kale matumba, ndipo ndinauza abale ake kuti siipezeka. Aka kanali koyamba kukana chigulireni lole. Anapeza galimoto ina pa boma, ine ndinaperekako chimene ndinali nacho, n'kupita ku maliroko pa kabaza. Nditafika pamene panakhala abambo, wina anafunsa mokweza kuti kodi lero mwabwera opanda lole. Ndinati ili ku ntchito. Anandisunthira, ndinakhala pansi, ndipo mwambo unayenda monga umayendera. Pobwerera ndinadziyang'ana mumtima kuti ndione ngati chakale chija chadzuka. Chinalipo, monga chimakhalira masiku onse, koma sichinakule.

Chaka chino miyendo inanditupa, ndipo ndinakagona ku chipatala cha pa boma masiku angapo. Nditatuluka, mwana wa mlongo wanga anabwera kudzanditenga pa lole. Ndikukwera ndinaona kachingwe ndi masamba ofota pa chitsulo cha kutsogolo, pamene timamangirira nthambi. Ndinamufunsa. Anati anthu anabwera pansi pa mtengo ine kulibe, anakhalapo mpaka dzuwa kukwera, ndipo mwana wanga atamva anakwera yekha kuchokera ku golosale kukawaona. Silinali tsiku la sukulu. Anawatchulira mtengo, iwo anali ndi theka, theka linalo analipira iye. Woyendetsayo anati iyenso za chakudya chake sanalandire, koma ndisazolowere.

Ndinamufunsa kuti anali maliro a ndani. Anatchula mudzi wa kuseri kwa phiri, kufupi ndi malire, banja limene sindilidziwa. Ndinamuuza kuti miyendo ikaphwa adzandiperekeze ndikapepese. Anati ulendo umenewo ndi wa hayala, ndikayambe ndadutsa ku golosale.